Intaneti ya kumudzi imayambira pa foni ya mabatani

Mukachoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji pamsewu wa M12, nsanja za foni zimakuperekezani njira yonse: pa Njewa, pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe mpaka pa Namitete. Koma mukasiya tala n'kulowa m'midzi ya chakumpoto, cha ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, mupeza malo ena pomwe munthu amachita kukwera pachulu kuti uthenga wa pa WhatsApp udutse. Magetsi otchajira foni nawo ndi a pamsika kapena a sola.

Masiku ano nkhani ya bizinesi za pa intaneti ili pakamwa pa wachinyamata aliyense. Ena akuti tsegulani sitolo pa Facebook, ena akuti jambulani makanema muzilandira madola. Malangizo ambiri otere analembedwera munthu wa m'tauni, wa foni yamakono, wa bandulo yosatha komanso wowerenga Chingerezi. Kwa Njewa ndi madera oyandikana nawo, zida zomwe zasinthadi moyo wa anthu ndi zina: zimagwira pa kafoni ka mabatani, zimalankhula Chichewa, ndipo zambiri sizifuna bandulo. Ndalama ya wachinyamata wofuna bizinesi yagona pomwe zida zimenezi zathera mphamvu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi inali ndi anthu 17.5 miliyoni ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Lilongwe ya kumudzi payokha inali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, kuposa mzinda weniweniwo. Panthawiyo pafupifupi theka la mabanja m'dziko muno ndi lomwe linali ndi foni ya m'manja, ndipo banja limodzi lokha mwa mabanja 10 ndi lomwe linali ndi magetsi a Escom. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, komabe foni yodalirika kumudzi ikadali ya mabatani, yomwe batire lake limatha masiku atatu kapena anayi osatchaja.

Chimachitika n'chiyani mukadina *211#?

Ambiri timati "ndatumiza pa intaneti" tikatumiza ndalama pa foni, koma kunena zoona, Airtel Money ya pa *211#, Mpamba ya pa *444# ndi Mo626 ya National Bank ya pa *626# sizidya bandulo yanu. Zimayenda pa njira yotchedwa USSD.

Foni iliyonse yoyaka imakhala ikunong'onezana ndi nsanja yoyandikana nayo ngakhale inu musakuimba. Imauza nsanjayo kuti ili pati, ndipo nsanja imaiuza ngati wina akuifuna. Kanjira kakang'ono ka manong'onong'oka ndi komwe USSD imadutsamo. Mukadina nyenyezi, manambala ndi kachizindikiro komalizira kaja, nsanja imakulumikizani ndi kompyuta ya kampani, ndipo mumayankhulana nayo ngati mmene mumachitira ndi munthu wa pawindo la banki: iye afunsa, inu muyankha. Mawu ake ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake amadutsa ngakhale pa netiweki yakale ya 2G pomwe chithunzi sichingadutse. Mukachedwa kuyankha, kompyuta imatseka kukambiranako ndipo mumayambiranso. Ndalama sizikhala m'foni. Zimalembedwa m'kaundula wa kampani pa nambala yanu. Foni ikagwera m'chitsime, ndalama zimakhalapobe.

Intaneti yeniyeni ndi ina. Chithunzi cha pa Facebook chimachoka pa makompyuta akunja, kudutsa m'zingwe za pansi pa nyanja yamchere, kutsikira kugombe la Tanzania kapena Mozambique, kenako n'kuyenda pamtunda mpaka kudzafika pansanja ya kwanuko. Malawi ilibe doko la panyanja yamchere, choncho imalipira anzathu kuti intaneti idutse kwawo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe bandulo imakwerera mtengo. Mu May 2024, zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zitaduka, intaneti inavuta m'maiko angapo a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, Malawi yomwe.

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013. Zisanabwere, mwana wogwira ntchito ku Kanengo ankatumiza ndalama kwa mayi ake ku Kabudula kudzera mwa kondakitala kapena mnansi wopita kumudzi, ndipo tonse tikudziwa kuti nthawi zina envulopu inkafika itaonda. Lero ndalama za ku Johannesburg zimabwera kudzera ku makampani monga Mukuru ndi Hello Paisa, mayunitsi a magetsi amagulidwa pakhonde, ndipo mabanja omwe anatenga sola yolipira pang'onopang'ono amalipira pa foni pomwepo.

Chipatala cha m'thumba

Pa zaumoyo, chida chomwe chikuyenera kulembedwa pakhoma la nyumba iliyonse ndi nambala ya Chipatala Cha Pa Foni. Ntchitoyi inadziwika ndi nambala ya 54747, yoimba mwaulere pa Airtel.

Ganizo lake linachokera kwa Amalawi awiri, a Soyapi Mumba, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, ndi a Clement Mwazambumba, omwe anapambana mpikisano wa maganizo opulumutsa miyoyo ya amayi ndi ana. Bungwe la VillageReach linayamba kuliyesa m'boma la Balaka mu 2011, poyamba pa nkhani za uchembere ndi ana aang'ono okha. Kenako ntchitoyi inakula, inayamba kuyankha za matenda osiyanasiyana ndi zakudya, inafalikira dziko lonse, ndipo pamapeto pake inaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Panthawi ya Covid-19 undunawu unkalengezanso nambala ya 929.

Ubwino wake umaoneka mukaganizira mtunda. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chomwe masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachitsegula mu 1959, chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda. Kabudula ili ndi chipatala chake. Koma pakati pa zipatalazi pali midzi yomwe ulendo wa kabaza wopita ndi kubwera umadya ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Mwana akatentha thupi usiku, funso la mayi limakhala lakuti: tidikire kucha kapena tinyamuke pompano? Woyankha pa Chipatala Cha Pa Foni ndi wophunzira zachipatala ndipo amafunsa mafunso omwe amasiyanitsa zinthu ziwirizi. Kodi mwanayo akuyamwa? Akusanza chilichonse? Wakomoka? Akupuma mothamanga?

Sangayeze malungo pa foni, sangaike dzanja pamimba pa mayi woyembekezera. Ntchito yake ndi kukuuzani zoyenera kuchita muli pakhomo ndi kukuthamangitsani kuchipatala pamene mukadazengereza. Mayi woyembekezera akataya magazi, akamva mutu kwambiri limodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena akatupa nkhope ndi manja, yoimba ndi nambala ya mwini njinga yamoto kapena galimoto, ndipo ku Chipatala Cha Pa Foni muimbe muli kale m'njira.

Pali nambala inanso ya pa Airtel, 321, yomwe imapereka mauthenga ojambulidwa kale m'Chichewa okhudza zaumoyo, ulimi ndi zina. Munthu amangomvera n'kumadina nambala ya mutu womwe akuufuna. Gogo wosadziwa kuwerenga amaigwiritsa ntchito bwinobwino. Alangizi a zaumoyo nawo akhala akugwiritsa ntchito mauthenga a pa foni, m'ndondomeko yotchedwa cStock, podziwitsa chipatala kuti mankhwala a malungo kapena thanzi ORS atsala pang'ono kutha ku kiliniki ya m'mudzi.

Tiyerekeze ndi magulu a pa WhatsApp. Nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, mauthenga a mawu ofalitsa mphekesera za katemera ndi za achipatala ankayenda mofulumira kuposa klorini. Uthenga wa pa WhatsApp sufunsa msinkhu wa wodwala, ndipo ukalakwitsa palibe woti mukamufunse.

Mlangizi wa m'foni ndi malire ake

Anthu a kwa Njewa ali ndi mwayi womwe ena alibe: malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ali pakhomo pawo. Mbewu za mtedza monga CG7 ndi Nsinjiro zinadutsa m'minda yoyeserera ya kumeneko, mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT. Komabe kukhala pafupi ndi Chitedze sikutanthauza kuti mlangizi afika m'munda mwanu sabata yomwe masamba ayamba kufiira. Alangizi ndi ochepa, alimi ndi ambiri.

Mpata umenewu ndi womwe mapulogalamu a pa foni yamakono akuyesa kutseka. Nthambi yoona zanyengo ili ndi pulogalamu ya Zanyengo yoonetsa ulosi wa mvula. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zitasakaza chimanga, mpaka boma kulengeza mu December 2017 kuti maboma 20 agwa m'ngozi, akatswiri a ku yunivesite ya Penn State ku America mogwirizana ndi mabungwe ena anali akukonza pulogalamu ya PlantVillage Nuru. Mumaloza kamera pa tsamba la chimanga kapena chinangwa, iyo n'kukuuzani chomwe ikuganiza kuti chavuta. Ikangolowa m'foni imatha kugwira popanda netiweki.

Chatsopano kwambiri ndi Ulangizi, yomwe bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa m'dziko muno mu 2024. Imagwira kudzera pa WhatsApp. Mlimi amalemba, kuyankhula kapena kutumiza chithunzi, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndipo imayankha potengera buku la malangizo a ulimi la Unduna wa Zamalimidwe.

Makina a AI otere saganiza ngati munthu. Anaonetsedwa zithunzi ndi ziganizo zankhaninkhani, ndipo amayankha poyerekeza chomwe mwawapatsa ndi zomwe anaonapo. Pa Chingerezi anaona zambiri. Pa Chichewa anaona zochepa. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014, koma mpaka lero imapunthwa pa mawu omwe mwana wa sitandade 3 sangalakwitse. Mawu oti "mtengo" ndi chitsanzo: wa mango kapena wa pamsika? Choopsa n'chakuti makinawa akalakwitsa sachita chibwibwi. Yankho lolakwika limabwera ndi chidaliro chofanana ndi lolondola.

Tsamba la mtedza lachikasu likhoza kukhala kadukutu, matenda ofala ndi nsabwe za m'mbewu, kapena kuperewera kwa chakudya m'nthaka, kapena madzi ochuluka kumizu. Chithunzi chimodzi chojambulidwa dzuwa lili paliwombo sichingathe kusiyanitsa zonsezi. Mlangizi weniweni amafunsa tsiku lomwe munadzala, amaona ngati mbewu zatalikirana kwambiri, amazula chitsamba chimodzi kuti aone mizu. Ine ndikuona kuti pulogalamu yotere ndi yabwino pokupatsani dzina la vuto loti mukafunse. Pa nkhani ya mankhwala opopera ndi muyezo wake, werengani pa botolo ndipo funsani mlangizi, chifukwa kulakwitsa pamenepo kumawotcha munda komanso kumadwalitsa wopoperayo.

Chochititsa chidwi ndi mmene Ulangizi imafikira alimi. Eni ake anadziwa kuti alimi ambiri alibe foni yamakono, choncho anaipereka kwa anthu osankhidwa m'midzi omwe amayendera magulu a alimi atanyamula foni imodzi. Iwo ndi amene amajambula, kufunsa ndi kuwerengera anzawo yankho.

Bizinesi ili pa mlatho

Apa ndi pomwe wachinyamata wa pa Mpingu kapena pa Nsaru ayenera kutchera khutu. Mbali imodzi kuli ntchito zomwe zasamukira pa intaneti: kufunsira malo ku mayunivesite a boma kudzera ku bungwe la NCHE, kufunsira ntchito, kufufuza mitengo ya mbewu, kupeza ogula. Mbali inayi kuli anthu zikwizikwi a foni za mabatani. Amene waima pakati ndi foni imodzi yamakono, sola ndi mbiri yabwino ali ndi chogulitsa.

Bizinesi yodziwika kale ndi ya uajenti wa Airtel Money ndi Mpamba. Phindu lake ndi kakomishoni pa ndalama iliyonse yoikidwa kapena kutapidwa, ndipo vuto lake lalikulu kumudzi ndi loti ndalama zimayenda mbali imodzi. Anthu a m'tauni amatumiza, a kumudzi amatapa. Pofika masana ajenti amakhala ndi ndalama zambiri m'foni koma m'thumba mulibe kanthu, n'kuyamba kubweza makasitomala. Amene zimawayendera ndi omwe ali ndi golosale kapena chigayo pambali, chifukwa ndalama ya malonda a tsikulo ndi yomwe imalipira otapa. Kutchaja mafoni, kusindikiza makalata ndi kujambula zithunzi za paukwati zimakwanira pa benchi yomweyo.

Koma bizinesi yomwe ine ndikuiona kuti ili ndi tsogolo lalikulu kuno ndi yolumikiza dimba ndi khitchini ya m'tauni. Njewa ili pakhomo pa mzinda. Tomato, anyezi, mazira, nkhuku zachikuda, nsinjiro ndi ufa wa mgaiwa zili ndi ogula ku Area 47, Area 49, Area 25 ndi Likuni omwe amakhala pa WhatsApp tsiku lonse. Pulogalamu ya WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, imalola munthu kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake pamalo amodzi. Wogula amasankha, amalipira pa foni, wa njinga yamoto n'kukatula.

Kunena n'kosavuta. Chomwe chimapha malondawa ndi thiransipoti. Tingoyerekeza: ngati ulendo umodzi wa njinga yamoto ukudya K10,000 ndipo mwanyamula katundu wa munthu mmodzi yemwe phindu lake ndi K4,000, mwagwira ganyu yolipira nokha. Ulendo womwewo ukanyamula katundu wa anthu 8 a dera limodzi, aliyense wangosenza K1,250. Choncho nzeru ndi kusankha tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, kutseka maoda madzulo a dzulo lake, ndi kuyamba ndi dera limodzi kapena ofesi imodzi. Chachiwiri ndi kukhulupirika kwa katundu. Wogula wa pa foni sanagwire tomatoyo ndi manja. Mukamuikira wowola pansi pa dengu, mawa chithunzi chake chili pa gulu lonse. Ogulitsa nsinjiro ndi chiponde asamalenso chuku: mtedza wosauma bwino kapena wonyowetsedwa pousenda umamera nkhungu yotulutsa poizoni yemwe amawononga chiwindi komanso amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana, ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Kwa alimi a soya, mtedza ndi chimanga, phindu la foni ndi kudziwa mtengo venda asanapachike sikelo yake. Chaka chilichonse Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Msika wa ACE, womwe unakhazikitsidwa mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Kanengo, umafalitsa mitengo komanso uli ndi ndondomeko yoti mlimi asungitse mbewu m'nkhokwe yovomerezeka n'kulandira lisiti, kudikira kuti mtengo ukwere. Kudziwa mtengo kokha sikukwanira, chifukwa mlimi wa matumba awiri yemwe mwana wake wabwezedwa kusukulu agulitsabe kwa venda. Koma kalabu ya alimi 30 yokhala ndi mlembi mmodzi wa foni yamakono ikhoza kusonkhanitsa matumba okwanira lole, kujambula, kutumiza kwa ogula atatu ndi kuwasiya apikisane. Mlembi ameneyo akhoza kulandira kangachepe pa thumba lililonse, bola zikhale zogwirizana pamaso pa onse.

Ponena za bandulo, chodya kwambiri ndi makanema. Uthenga wolemba sufika n'komwe pa kachigawo ka megabaiti, pomwe kanema wa mphindi zochepa amadya mamegabaiti makumi angapo. Tsekani pomwe WhatsApp imakopera yokha zithunzi ndi makanema a m'magulu, muona bandulo ya sabata ikukwanadi sabata. Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti, inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo imagwira ngakhale komwe kulibe nsanja, koma mtengo wa zipangizo ndi wa pamwezi ndi woyenera sukulu, chipatala kapena kopaletivi, osati munthu mmodzi wongoyamba kumene.

Za kubetcha mpira pa foni sitikuziika m'gulu la bizinesi. Amene amapindula tsiku lililonse ndi mwini kampani. Chimodzimodzinso magulu aja olonjeza kuti mukaika K50,000 mulandira K100,000 pakutha pa sabata mukabweretsa anzanu atatu: oyamba amalipidwa ndi ndalama za omalizira, ndipo Reserve Bank yakhala ikuchenjeza za iwo.

Akathyali nawo ali pa mzere

Munthu woima pa mlatho amaona zinsinsi za anthu: ziphaso, masatifiketi, nambala za foni, nthawi zina ngakhale zotsatira za kuchipatala. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi milandu ya pa makina a intaneti, komanso lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, ndipo bungwe la Macra ndi lomwe limayang'anira. Wothandiza anthu kulemba mafomu afufute zithunzi za ziphaso ntchito ikatha, ndipo asalole kuti kasitomala amutchulire nambala yachinsinsi. Ampatse foniyo adine yekha, iye atayang'ana kumbali.

Njira za akuba a pa foni n'zodziwika koma zikugwirabe anthu. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani, kenako n'kuimba akulira kuti walakwitsa nambala, mumubwezere. Musanabweze chilichonse, dinani nokha *211# kapena *444# muone ngati ndalamayo yalowadi. Uthenga ukhoza kupekedwa, koma kaundula wa kampani sanama. Wina amadzitcha bwana wa bungwe lopereka ngongole kapena wolemba mayina a feteleza wotsika mtengo, n'kupempha ya fomu. Wina amati mwapambana mpikisano womwe simunalowe. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa mafoni oterewa amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Wogwira ntchito weniweni wa kampani ya foni kapena banki safunsa nambala yanu yachinsinsi.

Vuto lina silichokera kwa akuba. Kuyambira 2018, simu khadi iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Panthawiyo anthu ambiri, makamaka amayi ndi okalamba, analembetsa manambala awo m'dzina la mwamuna, mwana kapena mnansi yemwe anali ndi chiphaso pafupi. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku lomwe foni yatayika, banja latha kapena mwini dzinayo wamwalira. Kampani imabwezera nambala kwa amene dzina lake lili m'kaundula, ndipo ndalama za banki m'khonde zomwe msungichuma anasunga pa nambalayo zimatsekeka mpaka mwini chiphaso kapena makalata oyenera atapezeka. Kukonza zimenezi kumafuna ulendo umodzi wopita ku shopu ya kampani ya foni, inu ndi amene analembetsa nambalayo, aliyense atatenga chiphaso chake cha unzika.